Sukulu zatsekera, mbaula yatsala ndi ana

Sukulu za pulayimale zikamatsekera teremu yachitatu m'mwezi wa Julayi, ana amabwera kunyumba akuthamanga, malipoti ali m'manja, ena malaya a yunifolomu atavulira panjira. Kwa iwo ndi mtendere mpaka Seputembala. Koma kwa ife makolo amene timalawirira kukasaka ndalama, apa ndi pamene mutu umaima: atsala ndi ndani anawa, masana adya chiyani, nanga moto wa m'mawa aziyatsa ndani?

Ine ndimakhala ku Bangwe ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe. Bambo a kunyumba amachoka kusanache, ine ndimatsatira cha m'ma 7 koloko. Tili ndi ana atatu. Wachisamba ndi mtsikana wa zaka 14, analemba mayeso a sitandade 8 mu Meyi, ndiye iye tchuthi chake chinayamba kalekale, akungodikira kuti a MANEB atulutsa liti zotsatira. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 9, ndipo mzime, kamtsikana ka zaka 6, kangomaliza kumene sitandade 1.

Chinthu choyamba chimene ndimachisowa sukulu ikatseka ndi phala. Kusukulu kwa ang'onoang'ono awiriwa amalandira phala la Likuni, la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, limene amayi odzipereka amaphika m'mamawa. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba ndi ana 200 okha kuno ku Malawi m'chaka cha 2002, ndi limodzi mwa amene amapereka phala lotere m'sukulu zambiri. Kapu ija timaiona ngati yaing'ono masiku a sukulu. Ikachoka ndi pamene umadziwa kuti inkasenza katundu. Komanso chisanu chimatsegula mimba. Mwana amene mu Okutobala amasiya nsima m'mbale, mu Julayi amafunsa ngati m'poto mwatsala mkute. Shuga amene timadya sabata ziwiri, pa tchuthi satha masiku asanu, ndipo ukafunsa aliyense amaloza mnzake.

Mwayi wake tchuthichi chimagwa nthawi yabwino ya zakudya. Mbatata zimakhala mbwee pamsika, nzimbe zilipo, manachesi a ku Mwanza nawo amakhala asanathe. Ndinasiya zolimbana ndi buledi. Ndimagula mulu wa mbatata Loweruka, ndimasinja mtedza wokwanira sabata yonse, basi m'mawa ndi phala la mgaiwa lotendera kapena mbatata yophika ndi tiyi.

Koma zonsezi zimafuna moto, ndipo moto ndi umene umandisowetsa mtendere ndikakhala kuntchito.

Amene munakhalako ku Blantyre, Thyolo kapena Mulanje mukudziwa chiperoni, kamvula kowaza kosalekeza kaja, ka nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imachokera. Chikagwa, dzuwa limatha masiku atatu osaoneka, zovala siziuma, ana sangakasewere panja. Onse amaunjikana pa mbaula, miyendo itazungulira makala, poto wa madzi kapena phala ali pamwamba. Mwana wa aneba athu, wa zaka zitatu, anapsa mwendo chaka chatha m'njira yomweyi. Mkulu wake anangotuluka kukatenga ndowa, kamwanako kanakoka mpini wa poto. Anagona m'chipatala milungu ingapo, ndipo mayi ake geni ya mandasi inaima nthawi yonseyo.

Tsiku limenelo amayi ena achikulire anathamangira dzira laliwisi, ena mankhwala otsukira mano, ena akuti tithirepo mchere. Anali mtsikana wina wophunzira za unamwino amene amachita lendi kuseri kwathu amene anawaletsa. "Pepani amayi, zimenezo ayi. Madzi ozizira basi," anatero akuthira madzi pamwendopo mosalekeza. Zimene anatiuza ndinazisunga ndipo ndinaphunzitsa ana anga onse: munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, musaboole matuza, chovala chimene chamatirira pakhungu musachikoke, phimbani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira kuchipatala. Majuzi a pa kaunjika amene timawakonda chifukwa chotchipa, ambiri ndi a ulusi wa pulasitiki. Akagwira moto amasungunuka n'kumatirira. N'chifukwa chake amene akuphika kwathu amapinda manja a juzi, kaya kukuzizira bwanji.

Choopsa china sichioneka n'komwe. Makala akamayaka m'nyumba yotseka zitseko ndi mawindo amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Ukalowa m'magazi umatenga malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo, ndipo amene anali kale mtulo akhoza osadzukanso. Usiku magetsi akathima, chisanu chitavuta, maganizo olowetsa mbaula kuchipinda amabwera ndithu, ngakhale kwa munthu wamkulu. Kwathu lamulo ndi limodzi: mbaula imathera pakhonde. Kuchipinda kumalowa mabulangete ndi masokosi.

Malamulo onsewa amene amawasenza ndi mwana wanga wamkulu uja, ndipo apa ndi pamene mtima umandipweteka. Timakonda kunena kuti akuphunzira ntchito, adzakhala mayi wabwino. Zoona, ntchito ayenera kuidziwa. Koma zaka 14 ndi mwana, nayenso ali pa tchuthi. Mukayenda m'makwalala a kwathu masana mudzaona anyamata ali pa mpira wachikulunga, ena akuyendetsa galimoto za mawaya, pamene alongo awo ali pa mzere wa madzi, mwana ali kumbuyo. Ine ndinagawa ntchito: mnyamata amatsuka mbale ndi kusesa pabwalo asanapite kumpira. Poyamba anadandaula kuti anzake amuseka. Bambo ake anangomuyankha kuti, "Iwe, mbalezo unadyera ndiwe kapena anzakowo?" Nkhani inathera pomwepo.

Tinagwirizananso ndi amayi awiri oyandikana nawo. Wina amagulitsa tomato pakhomo, ndiye maso ake amakhala pa ana athu masana. Ine Lamlungu ndimatenga ake kuti apume. Lachitatu masana mtsikana wanga amakhala womasuka, amapita kukasewera netibolo kapena fulaye ndi anzake, azing'ono ake ali kwa aneba. Ndimamusiyira kafoni ka mabatani kokhala ndi mayunitsi pang'ono, koimbira ine zikavuta. Foni yaikuluyi ndimapita nayo. Madzulo ndikangolowa, isanafike ndi patebulo pomwe, aimbirana kale: "Amayi, makatuni pang'ono chabe!" Pang'ono pakepo bando ya sabata imatha usiku umodzi, ndiye ndinayamba kuwatsitsira mavidiyo awiri atatu ndikapeza intaneti yaulere, data n'kuzimitsa.

Za patitaimu tinakambirana, tinaona kuti ayi. Ndalama yake palibe, komanso mwana wa sitandade 1 safunika kukhalanso m'kalasi mwezi wonse wa Ogasiti. Chimene timachita n'choti tikadya mgonero, mnyamata amawerengera mng'ono wake tsamba limodzi la buku la Chichewa, mkulu wawo n'kumawakonza. Masiku ena zimatheka, masiku ena onse amakhala atagona pamkeka mbale zisanachotsedwe.

Sabata ziwiri zomaliza za Ogasiti ndi za agogo awo ku Ntcheu. Chaka chilichonse timakangana kaye ndi bambo awo za thiransipoti, chifukwa mitu itatu kuchokera ku Wenela kudutsa pa Zalewa mpaka kumudzi si ndalama yamasewera. Koma apongozi akaimba foni n'kunena kuti, "Mayi a ana, kodi adzukulu angawo ndidzawaona pamaliro anga?" ndani angayankhe? Kumeneko amakapeza ntchito ya pambuyo pokolola: kupukusa chimanga, kutola zitsononkho zosonkhera moto, kuswa mtedza. Mnyamata amatsatira asuweni ake kokakumba mbewa m'minda, ndipo amabwerako akudziwa kusiyanitsa una wokhalamo ndi wakale, chinthu chimene bambo ake, ndi ubwana wonse wa m'tauni, sachidziwa. Kumenekonso moto ulipo, wa tchire umene anyamata amayatsa posaka, ndipo mu Ogasiti mphepo imautembenuza mwadzidzidzi. Ndimawapempha apongozi kuti asamamulole kupita popanda wamkulu. Iwo amaseka, amati analera ana asanu ndi awiri popanda foni, komabe amamvera.

Akamabwerera amakhala atatuwa, mapazi ali ming'alu, tsitsi lodzaza fumbi, Chichewa chawo chitasintha kamvekedwe. Amabwera ndi kathumba ka mbatata ya kachewere ndi nyemba zimene agogo awo amamanga pa chitenje. Nthawi imeneyo chisanu chimakhala chitayamba kutha, ndipo nkhawa imasamukira kwina. Nsapato za Julayi sizikwananso, makope akufunika, ndipo chaka chino ngati mtsikana wanga angasankhidwe kusukulu yogonera komweko, pakufunika matiresi, ndowa, sutikesi ndi yunifolomu yatsopano. Ndinayamba kale kuponya kangachepe ku banki m'khonde kuyambira mu Juni. Iye amandifunsa madzulo alionse, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ngati pa WhatsApp pamveka chilichonse za zotsatira.