Phwete la Adzukulu ndi Ntchito Yake M'thupi

M'midzi ya Achewa ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Mvera mpaka kwa Nthondo, mlendo amadabwa akapeza adzukulu, omwe ndi anthu okumba manda ndi kuika maliro, akuponyerana nthabwala makasu ali m'manja pamene anamfedwa akulira kusiwa. Ena amayesa kuti ndi mwano, komatu mwambowu uli ndi maziko amene akatswiri a zaumoyo ayamba kuwamvetsa.

Munthu akaseka mpaka nthiti kuwawa ndi misozi kulengeza, minofu ya pamimba ndi pachifuwa imakokana ndi kumasuka mobwerezabwereza, mpweya umatuluka m'mapapo mwamphamvu, ndipo ubongo umatulutsa ma endorphin, timadzi timene thupi limapanga lokha kuti tiziziritse ululu. M'chaka cha 2011, Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford ndi anzake anasonyeza kuti anthu amene angoseka limodzi amatha kupirira ululu wochuluka kuposa mmene amapiririra asanaseke, ndipo chimene chinkagwira ntchito ndi phwete lenileni, osati kumwetulira kwaulemu kumene mkamwini amaonetsa pamaso pa apongozi. Mdzukulu amene wakumba dothi louma la mu Okutobala kuyambira m'bandakucha, matuza ali m'manja, amapepukidwadi m'thupi mnzake akamuseketsa.

Mitsempha ya magazi nayo imamva. Mu 2005, Michael Miller wa ku yunivesite ya Maryland anapeza kuti mitsempha ya anthu oonera kanema woseketsa inkatambasuka magazi n'kumayenda bwino, pamene kanema wodetsa nkhawa ankaichititsa kuphaphatiza. Palinso umboni wakuti kuseka kumatsitsa cortisol, timadzi timene timachuluka munthu akapanikizika maganizo, ndipo tikakhalitsa tili tambiri timasokoneza tulo ndi kukweza shuga m'magazi.

Chofunika kwambiri pa zonsezi n'chakuti phwete limafuna anthu. Robert Provine, amene anathera zaka zambiri akumvetsera mmene anthu amasekera, anawerengera kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kusiyana ndi pamene ali yekha. Apa m'pamene pagona nzeru ya chisuweni, ubale wololeza asuweni kunyogodolana popanda wokwiya, ndiponso ya Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, pakuti pabwalo zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira zimagwetsa khamu ndi phwete ngakhale mwambowo uli wa maliro.

Kuseka sikuchiza malungo, ndiponso sikulowa m'malo mwa mapiritsi a matenda othamanga magazi kapena a shuga, ndipo aliyense wonena kuti kumatero akuika miyoyo pachiswe. Wodwala wa ku Mponela kapena kwa Malomo apitirize kumwa mankhwala amene analandira kuchipatala, koma abale asamutsekere yekha m'nyumba poganiza kuti matenda amafuna nkhope zakugwa. Asuweni ake abwere, amuyalire mphasa pakhonde, acheze naye mpaka aseke.