Sickle cell: phunziro la Fomu 4 lomwe lili m'nyumba za ku Neno

Wophunzira wa Fomu 4 ku Ligowe akamakonzekera Bayoloje wa MSCE, amajambula kabokosi ka zipinda zinayi. Bambo AS, mayi AS. Ana atuluka AA, AS, AS ndi SS. Pa pepala ndi masamu chabe. Koma SS uja ndi mwana weniweni, yemwe akakwana miyezi isanu ndi umodzi amayamba kutupa zala, maso kuchita chikasu, magazi kuchepa pafupipafupi.

Vuto lili pa jini imodzi yopanga hemoglobin: A ndi yabwino, S ndi yolakwika. Mpweya ukachepa m'thupi, maselo ofiira a magazi amapindika ngati chisenga, nkutseka timitsempha. Ululu wa m'mafupa umachokera pamenepo, ndipo kuzizira kwa m'mapiri a Neno mu June ndi July kumauputa. Selo labwino limakhala masiku 120; lopindikali silipitirira masiku 20.

Mwana akamadwaladwala chonchi, chala chimathamangira kwa mayi, kapena kwa agogo ena akuti akumulodza. Kabokosi kaja kakukana zonsezo. Popanda S wa bambo, mwana sangakhale SS, ngakhale bamboyo ali wojintcha, sanagonepo m'chipatala. Ndipo "mmodzi mwa anayi" sizitanthauza kuti mukabereka wodwala mmodzi, atatu otsatira apulumuka. Mimba iliyonse maere amayambanso.

Nanga jini yopha ana yalephera bwanji kutha? Anthony Allison anasonyeza mu 1954, atayeza anthu kum'mawa kwa Africa, kuti mwana wa AS sagwidwa kawirikawiri ndi malungo aakulu. Kumene udzudzu wakhala ukupha ana kwa zaka zikwizikwi, a AS ambiri ankakula, nkubereka, nkupatsira S kwa zidzukulu. Mutu wa evolution, womwe ophunzira amangoloweza, ndi womwewu.

Ku Neno thandizo lilipo. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala m'bomali kuyambira 2007, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, lili ndi makiliniki a PEN-Plus pa chipatala cha boma cha Neno ndi ku Lisungwi, komwe ana a sickle cell amaonedwa. Mankhwala a hydroxyurea amachepetsa kubwerabwera kwa ululu.

Koma chitetezo chija ku malungo ncha AS yekha. Mwana wa SS malungo amamupezerera, choncho azigona mu neti usiku uliwonse, ndipo akangotentha thupi makolo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.