MASEWERA OPHUNZITSA ANA KHALIDWE LABWINO

Aphunzitsi ambiri a m'midzi ali ndi dandaulo limodzi. Ana achuluka m'kalasi, phokoso silitha, ndipo nthawi yophunzitsa imathera pokalipa. Vutoli linakula m'chaka cha 1994, pamene Boma la Malawi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo ana analowa sukulu mwaunyinji. Ena aganiza kuti mankhwala ake ndi mkwapulo. Koma mkwapulo umakhalitsa mwana chete pamene mphunzitsi ali pafupi pokha. Akangotuluka panja, phokoso libwerera. Ndiponso mwana womenyedwa kawirikawiri amaopa sukulu, ndipo mapeto ake amaithawa. Ilipo njira ina imene yayesedwa zaka zambiri, ndipo sifuna ndalama. Njirayi ndi masewera.

Kumene masewerawa anachokera

Nkhani ya masewerawa inasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1969. Ku Kansas, m'dziko la America, Mayi Muriel Saunders anali kuphunzitsa ana a kalasi lachinayi amene anali ovuta ndithu. Pothandizana ndi Mayi Harriet Barrish ndi Bambo Montrose Wolf a pa yunivesite ya Kansas, iwo anagawa anawo m'magulu awiri. Mwana akayankhula kapena kuchoka pampando wopanda chilolezo, mphunzitsi anali kulemba kamzere pabolodi pansi pa dzina la gulu lake. Gulu la timizere tochepa ndilo linali kupambana, ndipo magulu onse awiri anali kupambana ngati onse asunga bwino malamulo. Mphotho zake zinali zazing'ono: kutsogola pamzere wa chakudya, nyenyezi pafupi ndi dzina, ndi nthawi yosewera madzulo. Phokoso ndi kuyendayenda zinachepa kwambiri.

Kuyambira m'chaka cha 1985, Dokotala Sheppard Kellam ndi anzawo a pa yunivesite ya Johns Hopkins anayesanso masewerawa m'sukulu za mumzinda wa Baltimore, pakati pa ana oyamba kumene sukulu. Makalasi ena anasewera, ena sanasewere. Anawo atafika zaka 19 mpaka 21 anafunidwanso, ndipo kunapezeka kuti anyamata amene anasewera anali ochepa pakati pa zidakwa, osuta fodya ndi ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Phindu lalikulu linaoneka pa anyamata amene anali andewu ali aang'ono. Akuluakulu sananame ponena kuti m'mera mpoyamba.

Kaseweredwe kake

Choyamba, mphunzitsi akambirane ndi ana malamulo atatu kapena anayi okha, ndipo awalembe pabolodi m'mawu osavuta. Lamulo lakuti "khalani ana abwino" silithandiza, pakuti mwana sadziwa chimene achite. Lamulo labwino ndi lonena chinthu chooneka: kukweza dzanja asanayankhule, kukhala pamalo pake, kusagwira zinthu za mnzake.

Chachiwiri, agawe ana m'magulu, ndipo asakanize anyamata ndi asungwana, ofatsa ndi ovuta. Kuika ovuta onse pamodzi ndiko kuwagonjetsa masewera asanayambe. M'kalasi lalikulu magulu akhoza kutsata mizere imene ana amakhala.

Chachitatu, alengeze kuti masewera ayamba, ndipo phunziro lipitirire monga mwa masiku onse. Poyamba mphindi 10 zikwanira, katatu pa mlungu. Pambuyo pake nthawi italikitsidwe pang'onopang'ono. Mwana akalakwa, mphunzitsi atchule lamulo lolakwiridwalo mofatsa, alembe kamzere ndi choko, napitirize kuphunzitsa. Asakalipe ndipo asamchititse mwanayo manyazi.

Chachinayi, nthawi ikatha awerenge timizere. Gulu lililonse limene silinapitirire timizere tinayi lapambana. Mphotho iperekedwe tsiku lomwelo: kuomberedwa m'manja, kutsogola potuluka, kusankha nyimbo, kapena kuyamba kusewera mpira.

Chifukwa chake amathandiza

Mwana wovuta kawirikawiri afuna kuti anzake amuone. Akachita phokoso anzake amaseka, ndipo kusekako ndiyo mphotho yake. Tsono m'masewerawa zinthu zitembenuka: anzake saseka, chifukwa kamzere kawapweteka onse, ndipo amamyamikira akakhala bwino. Chinanso ndi chakuti magulu onse akhoza kupambana, kotero palibe amene ataya mtima kapena kufunira mnzake tsoka.

Zofunika kusamala

Nthawi zina mwana mmodzi amalakwa dala kuti gulu lake ligonje. Wotere aikidwe m'gulu layekha kwa masiku ochepa, kuti anzake asavutike chifukwa cha iye. Mphunzitsi ayang'anitsenso kuti ana asamenyane kapena kunyozana panjira chifukwa cha timizere. Mwana wosamva bwino, wodwala kapena wanjala asawerengeredwe mlandu pa zimene sangathe. Ameneyu afuna chithandizo osati kamzere. Ndipo mphunzitsi asakondere. Ana amaona msanga ngati mwana wa mfumu kapena wa mphunzitsi mnzake sapatsidwa kamzere, ndipo masewera amafera pomwepo.

Udindo wa makolo

Nzeru yomweyi igwira ntchito pakhomo. Makolo ambiri amayankhula ndi mwana akalakwa pokha. Akatunga madzi kapena kutsekera mbuzi m'khola pa nthawi yake, sanena kanthu. Mwana wotere aphunzira kuti njira yokhayo yoonedwera ndiyo kulakwa. Kholo lanzeru limayamikira msanga, ndipo limatchula chimene mwana wachita, monga kunena kuti, "Wachita bwino mwana wanga, wasesa pabwalo osauzidwa." Malamulo a pakhomo akhale ochepa, ndipo bambo ndi mayi agwirizane, kuti chimene wina waletsa mnzake asachiloleze.

Mafumu ndi a komiti ya sukulu angathandize poitanitsa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kuti malamulo a kusukulu adziwikenso kunyumba. Mwana akamva mawu amodzi kwa mphunzitsi, kwa makolo ndi kwa agogo ake, savutika kusankha njira. Mphunzitsi wofuna kuyesa ayambe mlungu ukubwerawu, ndi phunziro limene limavuta koposa onse.