Malawisaurus naye alowe m'masewera a patebulo

Anzanga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amene bawo yakukwanani, kuli masewera otchedwa Dungeons & Dragons, omwe anatuluka ku America mu 1974. Mmodzi amasimba nthano, enawo n'kukhala alenje kapena ankhondo a m'nthanomo. Chilombo chilichonse chimakhala ndi manambala ake: moyo, liwiro, mphamvu ndi kulimba kwa khungu. Polimbana nacho mumaponya dayisi ya mbali 20. Nambala ikafika pa kulimba kwa khunguko, mwachilasa.

M'mabuku awo Tyrannosaurus alimo, koma dainaso wathu Malawisaurus mulibe. Mafupa ake anafukulidwa ku Karonga, ndipo dzinali anapatsidwa mu 1993. Mwayi wake, malamulo amalola kudzipangira chilombo.

Ndiyetu manambala achokere pa mafupawo. Anali wa khosi lalitali, woyenda ndi miyendo inayi. M'buku la 2014 njovu ili ndi moyo 76, Tyrannosaurus 136, ndiye iyeyu mupatseni 100, liwiro lochepa. Ankadya masamba, choncho kuluma kukhale kofooka, mphamvu ipite kumchira ndi kuponda. Asamasake anthu ayi, azimenya pokhapokha mwamuputa.

Mukamuika mano a mkango kuti masewera akome, mwangopanga Tyrannosaurus wachiwiri, ndipo mng'ono wanu amene akumva za iye koyamba patebulopo atola bodza. Za chidole musadandaule, osema a ku Mua alipo. Ingowapatsani chithunzi.