BP Ikakana Kutsika Pamene Mankhwala Tikumwa



Dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri tikatuluka mumzikiti ndi ili: "Shehe, mankhwala ndikumwa, fodya sindisuta, kumunda ndimalima, koma BP sikutsika." Ena akatopa amasiya mapiritsi nkuthamangira zitsamba. Apo ndiye pali ngozi, chifukwa BP siimva kuwawa. Imadya impso, mtima ndi maso mwakachetechete, mpaka tsiku lina munthu wafa ziwalo mbali imodzi. Kafukufuku wa boma wa 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi, mmodzi ali ndi vutoli.

Achipatala amati BP yakwera ikamafika 140/90 kapena kupitirira. Ikakhalabe pamenepo munthu akumwa mankhwala, nthawi zambiri pamakhala china chobisika chomwe chikuikoka. Tichifufuze.

Choyamba ndi mchere umene sitiuona. Bungwe la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono ya tiyi imodzi basi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Kuno ku Thambani, kufupi ndi malire a Mozambique, timakonda bakayawo, ndipo kachidutswa kamodzi kakhoza kumaliza muyeso wa tsiku lonse. Muviikeni m'madzi, madziwo mutaye, ndipo pophika musathirenso mchere. Soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo nazonso zimakweza BP ngati mchere womwe. Usipa ndi utaka woyanika padzuwa ulibe mlandu. Mlandu uli pa dzanja lothira mchere.

Chachiwiri ndi mapiritsi a ululu. Msana ukawawa ndi khasu kapena nkhafi, timagula Brufen, Indocid kapena diclofenac pagolosale. Amenewa amasunga madzi ndi mchere m'thupi, motero amafooketsa mankhwala a BP. Panado ndiye wabwinoko, koma chilichonse chomwe mukumwa, ngakhale zitsamba, muuzeni dokotala.

Chachitatu ndi kudumphitsa. Msodzi akapita ulendo wa masabata awiri mapiritsi atatsala anayi, BP imabwerera pomwe inali. Pitani mukatenge ena asanathe. M'mwezi wa Ramadhani musasiye nokha; funsani achipatala ngati mungamamwe pa daku kapena pomasula, makamaka HCT amene amakodzetsa. Akakuuzani kuti kusala kukuikani pangozi, Chisilamu chimamulola wodwala kumasula.

Chachinayi ndi matenda ena m'thupi. Impso zikavulala BP imauma mutu, ndipo inu a kunyanja dziwani kuti likodzo lokhalitsa limatha kuwononga impso. Shuga nayenso amatero. Munthu wochita mkonono kwambiri, mpweya nkumaduka ali mtulo, BP yake imavutanso kutsika. Pemphani akuyezeni mkodzo ndi magazi.

Pali ena amene zonsezi akuchita bwino koma BP ili pomwepo. Sikuti alodzedwa ayi. Anthu ambiri piritsi limodzi siliwakwanira; dokotala amawonjezera amlodipine kapena enalapril pa HCT. Mitundu itatu ikalephera pali wachinayi, monga spironolactone, ndipo chipatala cha boma cha Mwanza chikhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. A kunyanja yambirani pachipatala chanu cha pafupi.

Pokayezetsa, musayezedwe mutangotsika panjinga. Khalani pansi mphindi zisanu, ndipo manambala alembedwe m'buku lanu la kuchipatala kuti dokotala aone mmene ikuyendera miyezi yonse. Koma mutu ukawawa koopsa, maso kuchita chidima, pakamwa kupotoka, dzanja kulefuka kapena chifuwa kuthina, musadikire kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.

Thupi ili ndi amana yomwe Allah adatisungitsa. Dua tipange, mapiritsi timwe, ndipo amene amaphika pakhomo tiwauze bwino za mchere, poti mphika ndi umodzi. Allah atipatse thanzi tonse.