GALIMOTO NAYO IFUNA KHOLA

Munthu ali yense wa kumudzi adziwa kuti wofuna kugula ng'ombe ayamba wamanga khola. Koma anthu a m'mizinda yaikuru anaiwala nzeru imeneyi pamene anayamba kugula magalimoto, ndipo alikusauka nazo kufikira lero lino. Inu amene munafikako ku Limbe kapena ku Lilongwe munaona ndi maso anu magalimoto atathithikana m'mbali mwa mseu, ena alikuzungulira-zungulira monga nkhuku yosowa poikira. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani gwero la bvuto limeneli, ndi zimene anthu a maiko ena anacita kuti alicepetse. Pakuti ana athu ambiri ali m'tauni, ndipo ena a iwo alikusunga ndarama kuti agule galimoto.

Tiyambe ndi ici: galimoto ya munthu wamba siyenda nthawi zonse ai. Anthu amene anawerengera bwino anapeza kuti pa maora 24 a usana ndi usiku, galimoto yotere iyenda monga ora limodzi lokha, ndipo maora ena 23 ingokhala ciimire. Tsono poima pace si pang'ono. Galimoto imodzi ifuna malo a mamita 5 m'litali mwace, ndi mamita 2 ndi theka m'mimba mwace. Ndipo tikaonjezapo njira yolowera ndi yoturukira, malowo afikira ukuru wa nyumba ya zipinda ziwiri. Ndiponso siifuna malo amodzi okha: ifuna ena kunyumba, ena kunchito, enanso kumsika. Nanga galimoto zikacuruka pakati pa mzinda, pamene dothi liri la mtengo wapatali, malo onsewo acokera kuti?

CITSULO COLANDIRA NDARAMA

Mu mzinda wa Oklahoma City, ku Amereka, eni masitoro anali kudandaula kwambiri. Anthu a nchito anali kufika m'mamawa, naimika magalimoto ao pakhomo pa sitoro, nawasiya pomwepo kufikira madzulo. Ndipo ogula malonda, posowa poima, anali kupitirira. Pamenepo munthu wina wolemba nyuzipepala, dzina lace Carl Magee, anaganiza za kabokosi kacitsulo kokhala pamwamba pa mzati, kokhala ndi koloko m'kati mwace. Woimika galimoto aponyamo ndarama, koloko nayamba kuwerenga nthawi. Nthawiyo ikatha, ayenera kucoka kapena alipitsidwa mlandu. Timabokosi toyamba tinazikidwa m'mzindamo pa 16 July 1935, ndipo mtengo wace unali masenti 5 pa ora limodzi. Ku London tinafika m'caka ca 1958, m'dera lochedwa Mayfair, kumene munthu anali kulipira sikisi pa ora.

Anthu ambiri anakwiya nati mseu ndi wa tonse, sungagulitsidwe. Mau amenewa amveka okoma m'makutu. Koma taonani cimene cicitika pamene poimika galimoto pali paulere kapena pochipa kopambana.

ZIMENE ANAPEZA KU WESTWOOD VILLAGE

Mu mzinda wa Los Angeles, ku Amereka komweko, muli dera laling'ono la masitoro lochedwa Westwood Village, pafupi ndi sukulu yaikuru ya UCLA. Mphunzitsi wina wa pa sukuluyo, Donald Shoup, anatuma ophunzira ace kuti ayende m'deramo ndi kuwerenga nthawi imene munthu ataya pofuna poimika galimoto m'mbali mwa mseu. Malo otere analipo 470, ndipo anali ochipa koposa mabwalo olipira amene anali pafupi pomwepo. Madzulo anali aulere ndithu. Cifukwa cace munthu ali yense anali kukana kulowa m'bwalo, nangozungulira mumseu kudikira kuti mnzace acoke.

Anapeza kuti woyendetsa mmodzi ataya mphindi 3 ndi pang'ono, nayenda theka la mailosi, asanapeze malo. Kapena wina adzati, mphindi 3 ndi kanthu kodi? Komatu magalimoto oima m'deramo anali ngati 8,000 tsiku liri lonse la nchito. Powerengera caka cathunthu, maulendo acabe amenewa anakwanira mamailosi 950,000, ndiko kunena kuzungulira dziko lonse lapansi maulendo 38. Ndipo petulo wopserera pacabe anali magaloni 47,000. Zonsezi m'kadera kamodzi kokha, koti munthu angathe kukadutsa ndi miyendo osatuluka thukuta!

Tsono amene alipira mtengo wa malo aulerewo ndani? Alipira woyendetsa, ndi nthawi yace ndi petulo wace. Alipira okwera basi, amene acedwa pambuyo pa magalimoto ozungulira. Alipira mwana woyenda pansi, amene apuma utsi, ndi kuopsedwa ndi woyendetsa amene maso ace ali kumbali m'malo moyang'ana kutsogolo. Ziri monga dambo la mudzi: pamene ali yense adyetsapo ziweto monga afuna, popanda lamulo la mfumu, msipu utha, ndipo ziweto za onse zionda pamodzi.

Shoup analemba zimenezi m'buku lace lochedwa The High Cost of Free Parking, limene linaturuka m'caka ca 2005. Ndipo iye anamwalira m'caka ca 2025. Uphungu wace unali wakuti mtengo ukhale wolingana bwino, wosakwera kopambana kapena kutsika kopambana, kotero kuti pa malo 8 ali onse, amodzi akhale opanda galimoto nthawi zonse, ndipo wofika apeze poima osazungulira. Anatinso ndarama zolandiridwazo zigwire nchito m'dera lomwelo, kuti anthu aone phindu lace ndi maso.

Nzeru yaciwiriyi inaoneka mphamvu yace ku Old Pasadena, dera lakale la masitoro kufupi ndi Los Angeles, limene linali litayamba kusanduka bwinja. Eni masitoro anakana timabokosi zaka zambiri, poopa kuti ogula adzathawa. Anabvomera pamene akuru a mzinda analonjeza kuti ndarama zonse zidzatsala m'dera laolo. Timabokosi tinazikidwa m'caka ca 1993, pa mtengo wa dola imodzi pa ora. Ndaramazo zinakonza njira za oyenda pansi, zinagula nyali ndi mitengo, zinalipira osesa m'miseu, ndipo ogula anabwerera ocuruka koposa kale.

LAMULO LA KU JAPAN

Anthu a ku Japan analigwira bvutoli pa tsinde peni-peni. M'caka ca 1962 anaika lamulo lakuti munthu wa mumzinda, asanalembetse galimoto yace ku boma, ayambe watenga kalata ya kupolisi yocitira umboni kuti ali nao malo oigoneka, ace-ace kapena obwereka ndi ndarama. Masiku ano malowo sayenera kutalikira nyumba yace koposa makilomita 2, ndipo kugoneka galimoto pamseu usiku wonse ndi mlandu. Cifukwa cace ku Tokyo, mzinda wa anthu osawerengeka, timiseu ta pakati pa nyumba tikhala totseguka usiku, ndipo galimoto yozimitsa moto kapena yonyamula odwala ipita bwino. Kodi si lamulo lomwe lija la makolo athu, lakuti khola liyambe, ng'ombe ibwere pambuyo?

MAU KWA MABANJA ATHU

Akuru anati, walira mvula walira matope. Mwana wanu wa m'tauni akakulemberani kuti afuna kugula galimoto, kondwerani naye ndithu. Koma mumfunsenso kuti, idzagona kuti, ndipo malo ace adzadya ndarama zingati pa mwezi? Pakuti mtengo umenewo uli mbali ya mtengo wa galimoto, monga petulo ndi matayala.

Ndipo inu amene muli nayo kale, mukafika pakati pa mzinda musakakamire kuima pakhomo peni-peni pa sitoro. Kuli bwino kuimika patali pang'ono ndi kutsiriza ulendo ndi miyendo, koposa kuzungulira katatu mtima uli m'mwamba. Kumene kuli lamulo lakulipira, lipirani mosanyinyirika, ndipo mulandire risiti lace, kuti ndaramayo ifike kumene iyenera kufika. Musatseke cipata ca mnzanu, kapena khomo la cipatala, kapena njira ya oyenda pansi, ngakhale muti mungoima kamphindi. Pakuti mai wobereka mwana ndi nkhalamba ya ndodo, akatsekeredwa njira yao, atsikira mumseu pakati pa magalimoto othamanga. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe: lero mwatsekera wina, tsiku lina wodwala wocedwa pa cipata cotsekedwa adzakhala wa m'nyumba mwanu.