Kuchoka m'ng'anjo ya Ulongwe kukanjenjemera pa phiri la atsamunda

Mwezi wa Okutobala ku Ulongwe munthu umatuluka thukuta uli chikhalire pansi pa mlambe. Tomato ukayala m'mawa, pofika masana wafota kale. Tsono mnzanga wina wa kaunjika atandiuza kuti pamwamba pa phiri la Zomba anthu amavala majuzi mwezi womwewu, ndidamuseka. Sabata yathayi ndidati ndikadzionere ndekha.

Ulendo wake ngosavuta: minibasi mpaka pa Liwonde, kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kenako Machinga, Malosa, Domasi, uyu Zomba. Chovuta n'chokwera. Kuchoka m'tauni kukafika ku Chawe palibe minibasi, ndiye n'kunenerera ndi anyamata a njinga zamoto kapena kudalira mapazi ako. Ine ndidasankha mapazi, poti thumba lidali litaphwa.

Kanjira kamene ndidatsata azungu adakatcha Potato Path, kutanthauza njira ya mbatata. Inu anzanga a geni, mvetsani apa. Njirayi sadaitsegule bwanamkubwa ayi. Adaiponda ndi alimi a m'chigwa cha Domasi, kuseri kwa phiri, omwe ankasenza mbatata ya kachewere pamutu, kukwera phiri lonseli n'kutsikira tsidya lino kudzagulitsa mu Zomba. Ine wopanda katundu ndidapuma kasanu, mtima uli phaphapha. Nanga mayi wosenza dengu, mwana kumbuyo?

Kodi azungu adalikonderanji phirili? Yankho ndidalimva pakhungu nditangofika m'mitengo ya paini. Kamphepo kake ngati watsegula fuliji. Angelezi ankaopa kutentha ndi malungo a m'zigwa ngati kwathu kuja. John Buchanan adamanga nyumba ya kazembe wawo m'tsinde mwa phirili mu 1886, yomwe pambuyo pake idadzakhala Hotel Masongola, ndipo mu 1891 Harry Johnston adakhazika likulu la boma pompa. Pansi adaikapo maofesi ndi Gymkhana Club. Pamwamba adamangako timanyumba topumulira, n'kudzala paini, n'kuthira nsomba za kwawo za trout m'mitsinje yozizira kuti Loweruka aziwedza. Masiku oyambawo katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga, bwana ali gone m'machila, agogo athu akutuluka thukuta kuti apeze ya msonkho wa nyumba. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo n'kudzatsatira mu 1994. Phiri lokha lidakana kusamuka.

Pachipata cha hotela ya Sunbird Ku Chawe ndidangosuzumira, mitengo ya m'katimo si ya ife a mandasi. Koma moyo weniweni uli kunja kwa mpanda. M'mbali mwa msewu anyamata ayala sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ena ziboliboli ndi miyala yonyezimira yokumba m'phiri momwemo. Galimoto ikangoima, onse piringupiringu, mbale m'manja: "Bwana, lawani kaye! Madamu, zanga n'zothyola lero!" Nditafika ine wa fumbi m'miyendo, mtengo udatsika wokha ndisanatsegule pakamwa. Venda amam'dziwa mnzake.

Mnyamata wina wolondolera alendo adanditengera ku Queen's View, pomwe adaima mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi ku Emperor's View, pomwe adaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Pamenepo nyanja ya Chilwa imaoneka ngati mbale yogwa pansi, phiri la Mulanje lili tolotolo kutsogolo. Maina a malo okongolawa onse ndi a alendo. Dzina lathu lidagwera pa dzenje loopsa, la Chingwe, limene ati mafumu akale ankaponyamo adani awo. Kumeneko ndi kuzambwe kwa phiri, ndipo ukaima m'mphepete umaona chigwa cha Shire chili mbuu ndi utsi. Ndidaloza kuti kwathu n'cha uko. Mnyamatayo adangoti, "Pepani achimwene."

Koma pali china chimene chidandidetsa nkhawa. Mbali zambiri za phirili zameteka mpala. Pomwe padali nkhalango pangotsala zitsa ndi phulusa la moto wolusa. Tsiku lonse ndinkapatukira njinga zolemedwa ndi nkhuni, ndi amayi osenza mitengo yotalika kuposa iwo eni. Sindikuwaloza chala, nawonso akusaka ya ndiwo, ndipo nkhuni zomwezo n'zimene zimakazinga tchipisi tomwe timadya pamsika. Komabe madzi omwe amamwa anthu a mu mzinda wa Zomba amachokera m'damu la Mulunguzi, pamwamba pomwepa. Mitengo ikatha, dothi lidzatsikira m'damumo. Ndipo mlendo amene amagula sitiroberi uja amabwerera mthunzi ndi mathithi, sangawotche petulo kudzaona zitsa.

Dzuwa litapendeka chisanu chidayamba kuluma, ine ndili ndi kamalaya kamodzi ka ku Ulongwe, mano akugundana. Ndidatsika mothamanga, kajumbo ka sitiroberi m'manja, kuti akazilaweko amayi kunyumba. Pofika pa Liwonde zidali zitasanduka phala. Mnzanga wa kaunjika uja wandiuza kuti juzi andigulitsa pamtengo wapachibale, bola ndivomere pagulu kuti sadaname.